Amene Anadikira

M'kalasi la Fomu 4 munali Triza yekha. Anzake onse anali kumpunga ku Lifuwu, kupirikitsa mbalame.

Mayi Chisale, aphunzitsi a Chichewa, anaphunzitsabe. Anabwereza nkhani ziwiri zakale zimene anawerenga sabata yatha. M'nkhani ina mkazi anathawa ukwati. M'nkhani inayo mkazi anadikira mwamuna wake amene anapita kumigodi.

"Anasintha kwambiri ndi uti?"

"Wodikirayo, madamu. Wothawayo anangosintha mudzi. Koma uyu anafika posiya kuyang'ana kumsewu."

Mayi Chisale anatsegula buku, n'kuyendetsa chala m'mizere. "Zimenezo sizinalembedwe muno."

Triza anaweramitsa mutu, akukanda desiki ndi chikhadabo. "Pepani. Kungoti chaka chatha, wakabaza akaima panjapo, munkasiya choko n'kusuzumira pazenera, poganiza kuti abambo akunyumba abwera kuchokera ku Joni."

Kutali ana ankamenya zitini m'minda. Njinga yamoto inabwera ikulira, n'kuima pachipata. Munthu wina anatsika ndi chikwama.

Triza anatembenuka kuti aone. Mayi Chisale sanacheuke. Anayamba kufufuta pabolodi, pamene panalibe cholembedwa chilichonse.