Mkazi Sadumpha Ukonde

Phazi la Mutinta linali litaponda kale mbali ina ya ukonde pamene asodzi onse anangoti zii.

Anatembenuka. Ukonde wa Che Amidu, eni nyumba yomwe iye ndi mwamuna wake ankachita lendi, unali utayanikidwa pamchenga. Iye anaudumpha maso ali m'buku la unamwino, akuloweza za mayeso. Kwawo ku Choma, ku Zambia, palibe anamuuzapo kuti mkazi sadumpha ukonde.

"Mayi," anatero Che Amidu, singano yosokera ukonde ili m'manja, "usipa ukatithawa lero, tifunse ndani?"

Mutinta anafuna kupepesa, koma Chichewa chochepa chomwe anali ataphunzira chinamuthawa chonse. Amayi oyanika usipa pathandala anaimitsa manja.

Mwamuna wake, Mweemba, anatulukira pageti la loji yomwe ankaphikako, epuloni ili m'chiuno, beseni logulira chambo lili m'manja. Anaona mkazi wake ali yekha mbali iyo, mudzi wonse uli mbali ino.

"Achimwene, muziwalangiza akazi anuwa," anatero msodzi wina. "Kuno si kwanu."

Mweemba anaika beseni pansi. Mutinta anapemphera chamumtima kuti asamukalipire pagulu.

Koma Mweemba anakweza mwendo, nadumpha ukondewo pang'onopang'ono, nakaima pambali pa mkazi wake. Anamugwira dzanja.

"Che Amidu," anatero, "mlanduwu tsopano ndi wa anthu awiri. Tiuzeni chochita."

Che Amidu anazika singano mumchenga, naimirira kuti awauze awiriwo chochita.