Mpweya pa Galasi la Telesikopu

Ntchito yanga, imene mkazi wanga amaitcha ulonda wa anthu ophunzira, ndi kuyesa telesikopu, makina oonera nyenyezi. Pali nyenyezi zimene kuwala kwake sikusintha, ndipo makina akaziwerenga mosiyana, olakwa ndi makinawo. Abwana anali atandichenjeza kuti akapanda kupeza manambala olondola m'mawa, zaka zanga makumi awiri zithera pomwepo.

Usikuwo kunalibe mtambo. Ndili m'chipinda chapansi, ndinalozetsa makina pa nyenyezi yoyamba. Kuwala kwake kunatsika, kukwera, n'kutsikanso, ngati chifuwa cha munthu wogona. Yachiwiri inachitanso chimodzimodzi.

Ndinaimbira mlonda. "Achimwene, tasuzumirani m'chipinda cha telesikopu chapamwambacho."

"Aaa, bwana, mukundiyesa?" anaseka mlondayo. "Si inu nomwe mwaweramira pagalasipo? Ife mumatikalipira tikangopumirapo."

"Ine ndili pansi."

Mlondayo ananong'ona: "Nanga amene waweramukayu ndani?"

Pomwepo manambala anakhazikika, olondola kuposa usiku wina uliwonse pa moyo wanga. Ndinawasunga, poti ntchito ndi ntchito.

Pamasitepe achitsulo, njira yokhayo yotulukira m'chipinda changa, panamveka phazi loyamba likutsika.