Dazi la pa Thanki

Kilo anagwada pambali pa njinga yake yamoto ngati wafika pamaliro. Dazi lija linali litakulanso. Pakati penipeni pa thanki, pamene pamayenera kukhala pakuda bii, panali chigamba chonyezimira chachikulu ngati mbale, moti ankatha kuonapo mphuno yake.

Anthu ankamutchula kuti Kilo chifukwa anali ndi butchala, ndipo sikelo yake sinkadziwa chibale. Mtima wake wonse unali pa njinga imeneyi. Inali yakuda, koma osati kuda kwa nsapato za kutchalitchi ayi. Penti wake anali uja wosanyezimira, wooneka ngati khala, amene munthu wosadziwa amati njingayo inaiwalidwa padzuwa. Kilo ankati kumeneko ndiye kutchena kwake, ndipo wosamvetsa ndi wachimidzi.

Penti wotereyu ali ndi malamulo kuposa chipatala. Sapakidwa polishi, sakwechedwa, sasisitidwa. Akangoyamba kuwala ndiye kuti wapita, sabwereranso. Choncho Kilo ankaitsuka yekha njingayo pakhonde, ndi madzi ozizira ndi kansalu kofewa, mongogundagunda ngati akupukuta khanda. Khanda lake lenileni anali asanalisambitsepo. Asanaikhudze ankayamba wasamba m'manja, ulemu umene ngakhale chakudya sichinkaulandira tsiku lililonse.

Nanga dazi lachokera kuti? Apa sipanafunike wapolisi. M'nyumbamo munkakhala apongozi ake, amayi a mkazi wake, amene anabwera amuna awo atamwalira. Mayi amenewa anali pa udani ndi chinthu chilichonse chosawala. Simenti ya pakhonde inkagwetsa alendo. Mapoto ankathobwa m'maso. Ngakhale loko wa pageti ankachita phuliphuli. Ndipo tsiku loyamba kuiona njingayo anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Bambo, njinga yatsopano kutuwa chonchi? Mafuta odzola akusowa pakhomo pano?"

Kilo mawu amenewo sanawaiwale. Dazi litangoyamba, anabisa chitini cha polishi pamwamba pa kabati. Dazi linakula. Anagula lona n'kumaifunda njingayo mpaka kumatayala. Dazi linakulabe. Iye anangogwedeza mutu, pozizwa kuti nkhalamba yodandaula mawondo ikhoza kukhala ndi khama lotere.

Lero mtima unamukwera. Anaimirira n'kuitana mkazi wake mokuwa, kuti oyandikana nawo asavutike kutchera khutu.

"Amayi ako andiphera njinga! Lero lomwe azipita kwawo."

Mkazi wake anatuluka ali ndi mwana kumsana, nayang'ana thanki, kenako nayang'ana mwamuna wake.

"Kwawo kuti? Nyumba ija munati tigulitse ndinu."

"Ali ndi ana ena. Akawapukutire amenewo."

Apongozi aja anali atamva zonse, poti makoma a nyumbayo sankasunga chinsinsi. Anafika pakhomo pang'onopang'ono, akupukuta manja pachitenje. Anawerama n'kuliyang'anitsitsa dazilo monga katswiri woona ntchito ya wophunzira.

"Bambo, ine ndakula, bodza ndilibe nalo ntchito," anatero modekha. "Ndikanakhala ine, ikanawala yonse mpaka kumasipoko. Sindisiya ntchito pakati."

Kwa Kilo kumeneku kunali kuvomera ndithu. Munthu wosalakwa amalira, sadzitama. Anapinda manja n'kuyang'ana kumbali, ngati woweruza amene wamaliza mlandu ndipo akudikira tiyi.

"Amayi akatuluka geti ilo, inenso ndili pambuyo pawo," anatero mkazi wake. Sanakweze mawu, ndipo mwamuna wanzeru akanaopa pomwepo.

"Geti ndi lalikulu, mukwana nonse," anayankha Kilo.

Kunena zoona, mumtima ankayembekeza kuti wina agwada. Iye ankamukonda ndithu mkazi wake, kungoti chikondicho chinkaima pamzere kumbuyo kwa njinga. Koma palibe anagwada. M'nyumba munamveka zipi za zikwama. Patapita kanthawi anatuluka atatu, apongozi patsogolo, mkazi pambuyo, mwana akumubayibitsa bambo wake mosangalala, poganiza kuti ndi ulendo wokaona anthu. Podutsa pakhonde, apongozi anapatuka patali ndi njingayo kuti chitenje chawo chisaikhudze.

Minibasi inaima pamsewu, chitseko chinatsekedwa, ndipo pabwalo panangoti zii. Kilo anadzilimbitsa mtima. Mkazi amabwerera, penti sabwerera. Tsopano njinga yake ipuma.

Nthawi yotsegula butchala inali itakwana. Monga mwa masiku onse, anavaliratu epuloni yake ya kuntchito, ija youma gwa ndi mafuta a ng'ombe, poti ankakonda kuti am'misewu adziwe kuti pakudutsa mwini bizinesi. Anasamba m'manja bwinobwino, anakwera njinga, n'kuwerama kuti agwire mahandulo.

Mimba yake inatsika n'kukhala phwa pathanki, n'kuphimba dazi lonse ndendende, osatsala ndi kambali komwe. Ataweramuka, thankiyo inali itanona chatsopano, ikuwala kuposa khonde la apongozi. Anatembenukira kumsewu, koma minibasi inali itakhota kalekale.