Dziwe la Mayi Asiyatu

Panali mnyamata wina dzina lake Yotam, wa chaka chomaliza pa yunivesite ina. Munali mu 1996. Ankafuna kuchita kafukufuku wakewake wa alimi a nsomba za m'maiwe ku Domasi, koma lamulo linali loti apeze mphunzitsi womuyang'anira. Onse amene anawapempha anati ntchito yawachulukira. Anavomera ndi Madamu Enifa okha.

"Ndisayina, koma dzina langa ndaliika m'manja mwako," anatero Madamu. "Upite wekha kwa alimiwo. Chimene sunachione ndi maso ako usalembe."

Anamubwereka njinga yawo, n'kumumangira mbatata yophika pakaliyala.

Poyamba Yotam ankapitadi. Pa Songani anadziwana ndi mayi Asiyatu, amasiye ogulitsa nsomba za makumba za m'dziwe lawo. Anamupatsa madzi akumwa ndi nsomba ziwiri zaulere.

"Mudzabwere mudzaone dziwelo, baba," anatero mayiwo.

Koma mvula itayamba, njira zinaterera ndipo Yotam anagwa ulesi. Ankangokhala pa tiyirumu n'kumakopera za m'buku lochokera kunja. Bukulo linkati dziwe limabereka bwino ukathiramo ndowe za nkhumba. Iye analemba kuti ndi mmene amachitira mayi Asiyatu.

Madamu atawerenga anadabwa. "Asiyatu? Si Asilamu amenewa?"

"Ayi Madamu, ndi dzina chabe. Khola ndinaliona ndi maso anga."

Madamu anamukhulupirira.

Kenaka alimi a nsomba anachita msonkhano cha ku Malosa, ndipo anaitana Madamu kuti akalankhule. Madamu anatenga Yotam pomunyadira. Ali pakati pa gulu, anayamikira mayi Asiyatu chifukwa cha luso lawo lothira ndowe za nkhumba m'dziwe.

Mayi Asiyatu anaimirira pang'onopang'ono, akukonza mpango wawo.

"Amayi, ine nkhumba? Ndinakulakwirani chiyani?"

Madamu anayang'ana Yotam. Yotam anayang'ana pansi.

"Pepani mayi," anatero Madamu. "Wolakwa ndine. Ndinasayina ndine."

Koma bodza linathamanga kuposa kupepesa. Mmene sabata imatha, nkhani inali itafika pa Songani. Anzawo a ku mzikiti, amene ankawagula tsiku ndi tsiku, anayamba kulambalala dengu lawo. Nsomba zinkabwerera kunyumba zitanunkha.

Kafukufuku wa Yotam anakanidwa. Atapita kukabweza njinga, anapeza Madamu akhala pakhonde. Sanamukalipire. Anamupatsa mpando, koma sanamutchulenso kuti iwe.

"Njingayo musaisiye pano, a Yotam. Mukaipereke kwa mayi Asiyatu. Masiku ano akukagulitsa ku Zomba, kumene anthu sakuwadziwa, ndipo akupita wapansi."

Yotam anaikankha njingayo mpaka kwa mayiwo. Aka kanali koyamba kuliona dziwelo. M'mbali mwake munali thumba la gaga ndi masamba a chinangwa basi. Mayi Asiyatu analandira njinga, kenaka anatuma mwana kuti amutungire mlendo madzi akumwa. Akuti madzi amenewo Yotam analephera kuwameza.

Phunziro: Munthu akavomera kukuyang'anira pa maphunziro, wakubwereka dzina lake, usalidetse. Bodza lolemba uli pa tiyirumu limakapweteka munthu amene anakupatsa madzi. Mukawerenga musasunge nokha, patsirani mnzanu, makamaka amene ali pasukulu.