Mlendo wa Pakhoma la Asipanya

Mvula inali itangokata pamene a Sepio anaimitsa mayi wina wachizungu pakhoma la Asipanya n'kumuuza kuti agwire mwala. Mayiyo anagwira, ndere zinamudetsa zala, koma anangomwetulira n'kukweza foni yake kuti awajambule.

Tisanamizane, zoti munthu angaone kuno ku Kolonia, tauni ya pachilumba chathuchi, n'zochepa. Pali khoma limeneli, lomwe mbali yaikulu inagwa kalekale, pali nsanja ya belu imene Ajeremani anatisiyira, ndiye kasinja wa Ajapani amene akungodyeka ndi dzimbiri m'mbali mwa msewu. Woyenda mofulumira amamaliza zonsezi thukuta lisanatuluke n'komwe. Koma a Sepio ankatha kuzikoka mpaka maola atatu, ndipo kwa zaka makumi atatu imeneyi ndiyo inali ntchito yawo.

Tsono alendo analeka kubwera. Ndege imatera ndithu, koma otsika ndi anthu a misonkhano basi, pomwe okwera ndi ana athu omwe, opita ku Guam ndi ku Amereka osacheukanso. Mwana mmodzi yekhayo wa a Sepio, Elwihna, watha zaka khumi ku Missouri, ku Amereka komweko, akugwira ntchito panyumba yosungirako okalamba. Atabwera pa Khirisimasi anaona chala cha kuphazi cha bambo ake chitada bii ndi shuga, analira, n'kusonkhanitsa abale. Sakau, muzu wa chakumwa chathu cha pamwambo, anasinjidwa pamwala, ndipo a Sepio, chikho chili m'manja, analonjeza kuti mwezi wa Juni ukatha asanaperekeze mlendo woona malo ngakhale mmodzi, adzatseka nyumba n'kumutsatira mwanayo. Mawu onenedwa pa sakau sabwezedwa. Iwo ankayesa miyezi isanu ndi umodzi ndi yambiri, koma inapita ali pakhonde, akungowerenga ndege.

Ku Amerekako sankakufuna m'pang'ono pomwe. Manda a akazi awo ali kuseri kwa nyumba, ndipo ankadziwa bwino kuti munthu wopita ali ndi zaka ngati zawozo amabwerako m'bokosi. Mantha amenewa anaonda nawo.

Ndiye patatsala masiku awiri okha kuti Juni athe, mayi uyu, dzina lake Darlene, anatulukira pakhomo pawo akufunsa ngati iwo anali a Sepio operekeza alendo aja. Mkuluyo anathamangira kukavala malaya ake amaluwa. Phazi lodwala lija analikankhira munsapato mwankhanza, osalabadira ululu.

Pafupi ndi khomalo, m'mbali mwa bwalo la masewero, msuweni wawo Karmelihna amagulitsa nsomba zokazinga. Atawaona akudutsa ndi mzungu anaika mbale pansi.

"Achimwene, ameneyu mwamutola kuti? Kapena mwachita kubwereka?"

"Iwe uzigulitsa nsomba zako zadzulozo," anayankha a Sepio. "Ndipo umuuze Elwihna kuti chipinda anandikonzera chija azisungiramo matayala."

Karmelihna anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anawakokera pambali n'kuwanong'oneza ngati anamufunsa mayiyo chimene wadzera pachilumba pano. A Sepio anamuyang'ana ngati watukwana. Kuyambira liti, anatero, ife kumufunsa mlendo chimene wadzera? Kumeneko n'kumuthamangitsa. Anagula nsomba ziwiri, yaikulu n'kupatsa mlendo wawo.

Tsiku limenelo a Sepio analankhula ngati mnyamata. Anafotokoza za asilikali a Chisipanya amene ankabisala kuseri kwa khomalo poopa makolo athu, za bomba limene linagwetsa tchalitchi n'kusiya nsanja yokha ili chiimire, za agogo awo amene ankapita kusukulu ya Ajapani opanda nsapato. Zina ankawonjezera ndithu, monga mwa masiku onse, koma ndani akanawatsutsa? Darlene sankatopa, sankayang'ana wotchi, sankafunsa za kokagula zipewa. Ankangowapempha kuti aime apa, abwerezenso nkhani ija, aloze thanthwe la Sokehs limene linkaoneka patali m'nkhungu. Foni yake inali pa iwo nthawi yonse, ndipo mkuluyo anaona kuti wapeza mlendo wodziwa kuti mwala paokha sulankhula.

Pakasinja paja anamuimbira kanyimbo ka Chijapani kamene anaphunzira kwa agogo awo. Mayiyo anapukuta misozi. Apa a Sepio anatsimikiza kuti ameneyu akakafika kwawo akauza anzake, ndipo chaka chamawa adzabwera anayi kapena asanu. Mumtima mwawo anali atayamba kale kuganiza zopenta galimoto lawo lakale lonyamulira alendo.

Anamaliza ulendowo patsinde pa nsanja ya belu, mvula itayambanso kuwaza. Phazi linali likuwotcha ngati aponda khala, koma chimwemwe chinaposa. Anakhala pamwala, anatulutsa foni yawo yong'aluka galasi, n'kufufuza nambala ya mwana wawo.

"Mayi, ndikupempheni kanthu kamodzi kokha," anatero. "Ndimuimbire mwana wanga ku Amereka, mumuuze ndi pakamwa panu kuti mwabwera kudzaona malo. Ine ndekha sangandikhulupirire."

Darlene anatsitsa foni yake pang'onopang'ono. Anakhala pambali pawo pamwala wonyowawo n'kuwagwira dzanja.

"Bambo, Elwihna akudziwa kuti ndili kuno. Timagwira ntchito limodzi, ndipo iye am'kaniza tchuthi, ndiye watuma ine kudzakutengani pa ndege ya Lachisanu. Anati ndiyambe ndakujambulani muli pamalo onsewa, kuti muzikaonera kumeneko mukasowa kwanu."