Lipoti la Mayi Pruitt ndi Msana wa Tavian

Panali munthu wina kuno ku Alabama, mayi Lorraine Pruitt, yemwe anali mkulu wa zamasewero pa koleji ina yaing'ono. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo amene anaiona mpaka lero akaikumbukira mtima umawawira.

Chaka china timu ya mpira wogwetsana wa ku America ya pakolejipo inasewera magemu khumi ndi awiri, n'kupambana awiri okha. Mkulu wa koleji anaitana mayi Pruitt n'kunena kuti, "Ndikufuna lipoti pasanathe sabata zitatu. Vuto ndi osewera kapena makochi?"

Kochi wamkulu anali Dwight Kessler, munthu wapakamwa potsekemera. Anafika ku ofesi atatchena, atanyamula mapepala okongola.

"Mayi, musavutike ndi kupita ku bwalo, zonse ndakulemberani kale. Osewera sakukula chifukwa cha madala aja, Bellamy. Akuphunzitsa zamakedzana. Ndipo anyamata asanu ndi mmodzi awa ndi nkhuni zaziwisi, sizingayake. Tiwachotse."

Otis Bellamy anali kochi wa osewera akutsogolo, aja amatchinga kuti woponya mpira asagwetsedwe. Anali atagwira ntchito pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Iye anabwera chimanjamanja.

"Mayi, ine kuyankhula sinditha. Koma bwerani ku bwalo Lachiwiri, mudzangoima ola limodzi. Kessler amasintha kaseweredwe mwezi uliwonse. Mwana asanagwire ichi, wamupatsa china. Achaka choyamba sawadziwa ndi mayina omwe, amangokuwa nambala ya pa malaya kuti 'iwe 74!' Akalakwitsa amawatukwana, osawaonetsa pomwe alakwa. Wosewera angakule bwanji choncho?"

"Bambo Bellamy, mukungodziteteza."

"Ndikuteteza ana. Mukachotsa asanu ndi mmodziwo mwagwetsa mpanda. Angoyamba kumene kugwira."

Mayi Pruitt anayang'ana wotchi. Anali ndi msonkhano wina. Ku bwalo sanapondeko ngakhale tsiku limodzi. Anatenga mapepala a Kessler, n'kusintha mawu awiri atatu, n'kusaina. Bellamy anachotsedwa ntchito ndi kalata ya mizere inayi. Anyamata aja anauzidwa kuti atole zawo.

Kessler anaitanitsa zimphona za m'makoleji ena, anthu omwe anangowaona pa vidiyo ya pafoni. Woti awaphunzitse kusewera pamodzi panalibe.

Gemu yachinayi ya chaka chotsatira inali Loweruka masana, anthu atadzaza. Woponya mpira anali Tavian Rucker, wa chaka chomaliza, yemwe matimu akuluakulu anali atayamba kumuyang'ana. Atangolandira mpira, otchinga awiri atsopano anathamangira munthu mmodzi yemweyo, n'kusiya mpata. Mdani anadutsa pamenepo ngati galimoto n'kumuwomba Tavian kumsana. Sanadzuke.

Mayi Pruitt anapita ku chipatala ndi maluwa. Mayi ake a Tavian, omwe ankayendetsa basi ya ana asukulu, anawaimitsa pakhomo.

"Maluwawo ndi a chiyani? Mwana wanga anandiuza chaka chatha kuti, 'Amayi, akachotsa a Bellamy, ine ndatha.' Mwana anaona. Ine woyendetsa basi ndinaona. Inu a madigiri simunaone?"

"Mayi, tinafufuza bwino lomwe..."

"Munafunsa wosewera uti? Tchulani mmodzi!"

Mayi Pruitt anatembenuka. Anabwerera ndi maluwa awo.

Lolemba anayamba kuitana osewera mmodzimmodzi. Onse ananena zofanana. Kessler ankachoka pa bwalo ena asanamalize. Otchinga atsopanowo aliyense ankasewera monga anaphunzirira kwawo. Wina anati, "Ife timadikira kuti mutifunse. Simunabwere."

Mayi Pruitt analowa mu ofesi ya Kessler atakwiya.

"Munandinamiza! Mwana wa eni ake ali gone ku chipatala chifukwa cha inu. Tolani zanu!"

Kessler anangomwetulira. "Ine ndinangopereka maganizo, mayi. Pa lipotipo pali dzina la ndani?"

Mwezi usanathe Kessler anapeza ntchito kwina, n'kumauza atolankhani kuti koleji ija inalibe osewera enieni.

Mayi Pruitt anayendetsa galimoto maola anayi kukafuna Bellamy. Anamupeza pa kakoleji kena kakumudzi, ali chogwada pa udzu, akuwongola phazi la wosewera. Anayi mwa anyamata othamangitsidwa aja anali pomwepo, ndipo timu yawo inali itagonja kamodzi kokha.

"Bambo Bellamy, ndinalakwa. Bwererani, chonde."

Mkuluyo anadzuka pang'onopang'ono, nkhope ili gwa.

"Ndinakupemphani ola limodzi, munakana. Ana awa munawatcha nkhuni zaziwisi, n'kusaina ndi dzanja lanu. Ndiwasiye lero chifukwa inu mwapsa? Ayi. Ndipo kupepesa kwanu mwabwera nako kolakwika, kapepeseni kwa Tavian. Ine miyendo yanga ikuyenda."

Anatembenuka n'kuliza wezulo.

Chaka chitatha, mayi Pruitt nawonso anachotsedwa ntchito. Tavian anamaliza maphunziro ake, koma digiri anakalandira akuyenda ndi ndodo. Mpira sanaugwirenso.

Phunziro: Ukapatsidwa udindo woweruza ntchito ya anthu, dzuka pampando ukadzionere wekha, ndipo ufunse amene zikuwakhudza. Wodziwa kuyankhula si ndiye wodziwa ntchito, ndipo lipoti lolembedwa mwaulesi amavulala nalo ndi mwana wa munthu wina. Tumizani nkhaniyi kwa makochi, aphunzitsi, ndi bwana aliyense amene amasaina zinthu zomwe sanazione.