Keke Yochokera ku Zalewa

Keke inafika mu holo ya tchalitchi ku Magaleta itang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Wakabaza anangoitsitsa n'kuliyatsa liwiro asanafunsidwe. Msewu wathu uno mukuudziwa, ngakhale dzira lowiritsa limafika litasweka.

Azimayi anathamangira kukaitana Mayi Felista. Zaka khumi ndi ziwiri, ukwati uliwonse kuno keke yake inkachokera m'manja mwa mayiwa. Koma ulendo uno eti akuchikazi anakaodetsa ku Zalewa, kwa munthu amene dzina lake ankalibisa ngati mimba yoyamba.

"Asisi, tipulumutseni," anatero Agnes, azakhali ake a mkwatibwi. "Akwati atuluka m'tchalitchi posachedwa."

"Ine? Ndimayesa makeke anga ndi akumudzi?"

Anatero pakamwa, koma maso anali kale pa keke. Inali yosanjikiza katatu. Maluwa ake a kirimu anali opyapyala moti njuchi ikanaterapo. Iwo chiyambire sanapangepo duwa lotero. Anatapa kirimu ndi chala n'kulawa. M'menemo munali fungo la makoko a nachesi opalidwa bwino, chinsinsi chawo chenicheni. Ndiye kuti wa ku Zalewayo anawalanda ukwati, n'kuwaberanso nzeru.

"Bweretsani madzi otentha ndi mpeni."

Anaviika mpeni m'madzi, kuupukuta, n'kuuyendetsa pa mng'alu pang'onopang'ono mpaka unatsekeka. Timabowo ta mpweya anatiboola ndi kamtengo, kutidzaza, n'kusalaza. Manja awo sadziwa kunama, ndiponso Agnes anali atawaima pamsana. Posakhalitsa keke inawala kuposa mmene inachokera kwawo, ndipo azimayi anayamba kuizungulira.

"Koma ku Zalewa kuli manja," anatero wina. "Ukwati wa Prisca wanga ukafika, tidzapita komweko."

Mayi Felista anamwetulira ndi mano okha.

"Muisunthire pawindo apo," anatero mokoma, "kuti wojambula aione bwino."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Kirimu wa batala ndi dzuwa lotero, ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka angakuuzeni mathero ake. Iwo anakakhala pa benchi, manja pamiyendo, ngati mayi wa mvano akudikira pemphero.

Mmene akwati ankalowa ndi nthungululu, maluwa aja anali atatsetsereka n'kukaunjikana pansi ngati phala la mwana. Gawo lapamwamba linapendekeka. Mkwatibwi anaima n'kuiyang'anitsitsa.

Mayi Felista anadzuka, n'kukweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Zogula m'mbali mwa msewu n'choncho. Ine ndinayesetsa, koma kirimu wake ndi madzi okhaokha. Amene wapanga keke imeneyi asadzagwirenso mthiko."

Azimayi anagwedeza mitu. Amake Prisca anati ku Zalewa sadzapondako, ndipo mawu aja anayenda benchi ndi benchi mpaka pakhomo. Mtima wa Mayi Felista unakhala pansi.

Agnes anawakokera pambali, maso ali pansi.

"Ndiye mukamuuze nokha, asisi. Wapanga ndi Chiyamiko, mwana wanu wa ku saluni ya ku Zalewa uja. Ndi keke yake yoyamba. Anati tisakuuzeni mpaka mutaiyamikira, ndipo ikawonongeka panjira tikupatseni inu amayi ake, poti palibe wina angamusamalire ntchito yake ngati inu."